Kukonza mpikisano wa mafunso wosathera mkangano

Mpikisano wa mafunso, umene ambiri timangoutchula kuti kwizi, suvuta kuyambitsa. Holo ya tchalitchi ku Chilomoni, kalasi imodzi ku Ndirande kapena khonde la malo odyera ku Namiwawa Lachisanu madzulo, n'zokwanira. Chovuta n'kuumaliza anthu onse akusekabe. Kawirikawiri pofika gawo lachitatu mumangoona timu ina yaimirira, pepala lili m'manja, ikudandaula kuti yaberedwa. Anthu amathamangira kuloza chala wochonga kapena wowerenga mafunso, koma mukafufuza bwino mupeza kuti mlandu unapalamulidwa kale, patebulo la amene analemba mafunsowo. Funso linali ndi mayankho awiri kapena atatu olondola, iye n'kulemba limodzi lokha papepala lake.

Taonani funso ili: "Kodi Kamuzu Banda anakhala mtsogoleri wa dziko lino m'chaka chanji?" Poliwerenga likuoneka lopanda banga. Koma timu ina ilemba 1963, chaka chimene anakhala nduna yaikulu dzikoli likadali Nyasaland. Ina ilemba 1964, chaka cha ufulu wodzilamulira. Ina ilemba 1966, pamene dziko linakhala repabuliki iye n'kukhala pulezidenti. Onsewa akunena zoona, ndipo mawu oti "mtsogoleri" ndi amene atsekula makomo atatu. Funsolo likanati "anakhala pulezidenti m'chaka chanji", yankho likanakhala 1966 basi. Samalaninso ndi tsiku la 6 Julayi, chifukwa limabwera katatu m'mbiri ya munthu yemweyu: anatsika ndege ku Chileka pa 6 Julayi 1958, ufulu unabwera pa 6 Julayi 1964, ndipo repabuliki inayamba pa 6 Julayi 1966. Mukafunsa kuti "chinachitika n'chiyani pa 6 Julayi" osatchula chaka, mwadziitanira nokha phokoso.

Mbiri yathu ili ndi misampha yambiri yotere. Tchuthi cha John Chilembwe chimakhala pa 15 Januwale, koma kuukira kwake kunayamba pa 23 Januwale 1915, ndipo iye anaphedwa pa 3 Febuluwale chaka chomwecho. Wolemba mafunso amene wangoyang'ana pakalendala amaika 15 Januwale ngati tsiku la kuukira, n'kumana malikisi timu imene yawerengadi mbiri. Bingu wa Mutharika anamwalira pa 5 Epulo 2012, koma boma linalengeza pa 7 Epulo, tsiku limene Joyce Banda analumbiritsidwa, choncho nenani momveka ngati mukufuna tsiku la imfa kapena la chilengezo. Dzina lakale la dziko lino nalonso si limodzi. Linkatchedwa British Central Africa Protectorate kuyambira 1893, n'kukhala Nyasaland mu 1907, ndipo pamakhala mkulu wina pakona amene alembe Maravi, n'kukhala ndi mfundo yake. Funsani kuti "dziko lino linkatchedwa chiyani mu 1950", nkhani ithere pomwepo.

Chimene ambiri sachiganizira n'chakuti Chichewa chathuchi chili ndi mawu osenza matanthauzo angapo. Pocheza sizivuta, chifukwa nkhani yokha imalongosola. M'funso la mzere umodzi mulibe nkhani yoti ilongosole. Tengani mawu oti "nyanja". Malawi ndi nyanja, Indian Ocean ndi nyanjanso. Mukafunsa kuti "nyanja yaikulu kwambiri mu Africa ndi iti", wina aganiza za nyanja yamchere. Mukatsekako khomo limenelo, mawu oti "yaikulu" atsekula lina: potambalala ndi Victoria, pozama ndi Tanganyika. Nyanja ya Malawi ndi yachitatu potambalala koma yachiwiri pozama, ndipo pamalo ake ozama kwambiri imafika mamita 706. Mawu oti "boma" ndi chimodzimodzi. Amatanthauza olamulira dziko, amatanthauza chigawo ngati Thyolo kapena Dedza, amatanthauzanso tauni imene kuli ofesi ya DC. "Boma lalikulu kwambiri m'Malawi" ndi Mzimba tikayeza malo, koma ndi Lilongwe tikawerenga anthu. Ngakhale "mzinda waukulu" umasokoneza anthu a kuno kwathu, chifukwa akuluakulu anakula akudziwa kuti ndi Blantyre, pamene kalembera wa 2018 anaonetsa kuti mumzinda wa Lilongwe muli anthu ambiri kuposa muno. Paliponse pamene mwalemba "-kulu" kapena "-tali", imani kaye mudzifunse: kukula kotani, kutalika kotani?

Funso la phiri lalitali kwambiri m'Malawi limabwera pafupifupi pa mpikisano uliwonse, ndipo limayambanitsa anthu pachabe. Phiri ndi Mulanje, nsonga yake yaitali ndi Sapitwa, ya mamita 3,002. Mukafunsa phiri, landirani mayankho onse awiri. Mukafuna Sapitwa yekha, nenani kuti "nsonga". Mzuzu ndi mzinda, si boma. Uli m'boma la Mzimba. Malo osungirako nyama otchedwa national park alipo asanu: Nyika, Kasungu, Lake Malawi, Liwonde ndi Lengwe. Majete, Vwaza, Nkhotakota ndi Mwabvi ali m'gulu lina, la wildlife reserve, koma m'Chichewa onsewa timangoti "nkhalango zosungirako nyama", ndiye ngati mukufuna nambala yoti 5 muyenera kutchula dzina la gululo m'Chingerezi momwe lilili. Funso loti mtsinje wautali kwambiri padziko lonse ndi uti, ine ndimaona kuti ndi bwino kungolisiya, chifukwa akatswiri eniake amatsutsana pakati pa Nile ndi Amazon. Funsani wautali mu Africa, yankho ndi Nile popanda wotsutsa.

Palinso mafunso amene anali olondola kale koma anatha ntchito. Amenewa amalowa chifukwa chokopera m'mabuku akale a sukulu kapena m'mindandanda yoyendayenda pa WhatsApp. Maboma a dziko lino ndi 28: 6 kumpoto, 9 pakati, 13 kummwera. Buku lakale likuuzani 24, lina 27 chifukwa linasindikizidwa Neno asanapatuke ku Mwanza. Malo a m'Malawi amene ali pamndandanda wa UNESCO wa chuma cha dziko lonse anali awiri kwa zaka zambiri, Lake Malawi National Park kuyambira 1984 ndi zojambula za m'mapanga a Chongoni kuyambira 2006, koma mu 2025 phiri la Mulanje linalowanso. Swaziland anasintha dzina mu 2018 kukhala Eswatini. Likulu la Tanzania ndi Dodoma, la Nigeria ndi Abuja, ndipo South Africa ali ndi malikulu atatu: Pretoria, Cape Town ndi Bloemfontein. Kuwerenga apulezidenti athu nakonso kwasanduka msampha, popeza Peter Mutharika walamulira maulendo awiri, mu 2014 ndi mu 2025, Lazarus Chakwera ali pakati. Anthu ndi 6, koma maulendo olamulira motsatizana ndi 7. Mankhwala ake ndi amodzi: funso lililonse lokhudza chinthu chimene chingasinthe, liikeni chaka. "Pofika mu 2020" kapena "mu 1994" ndi mawu ochepa, koma amatseka pakamwa pa aliyense.

Kutseka makomo pakokha sikupanga funso kukhala lokoma. Funso lokoma ndi limene timu ingalifike pokambirana, ngakhale palibe amene analoweza yankho. "Nyumba ya Mandala inamangidwa chaka chanji?" ndi funso louma: amene akudziwa 1882 alemba, ena onse angoyang'ana kudenga. Litembenuzeni motere: "Nyumba ya Mandala muno mu Blantyre inamangidwa mu 1882. Dzinali linachokera ku chinthu chimene John Moir ankavala kumaso. Chinthu chanji?" Apa mudzaona mitu ikugundana pakati pa tebulo, wina akunong'ona kuti agogo ake magalasi ankawatchula kuti mandala, wina n'kulanda cholembera. Chaka chija anthu achimvabe, koma chabwera ngati mphatso. Mayina akale a maboma amagwira ntchito bwino chimodzimodzi. Fort Johnston ndi Mangochi, Fort Manning ndi Mchinji, Fort Hill ndi Chitipa, Port Herald ndi Nsanje. Pa Port Herald mungawonjezere kuti linali doko pamtsinje wa Shire, anthu azitsika ndi mtsinjewo m'maganizo mpaka afike.

Mtundu wina wokoma ndi funso limene yankho lobwera msanga m'mutu ndi lolakwika, koma lolondola lilipo limodzi ndipo silikayikitsa. Pulezidenti woyamba wa chipani cha Malawi Congress Party pamene chinkakhazikitsidwa mu 1959 anali Orton Chirwa, Kamuzu ali m'ndende ku Gwelo. Matimu ambiri alemba Kamuzu, ndipo mukawerenga yankho mudzamva holo yonse ikuti "aaa!" popanda wokwiya. Mafunso otere asapitirire limodzi pa gawo, kuopa kuti anthu angayambe kukayikira chilichonse. Za mzinda wathu uno zilipo zambiri zoti mutengeko: mishoni ya Church of Scotland inayamba mu 1876, dzina linachokera ku tauni ya ku Scotland kumene David Livingstone anabadwira, tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, ndipo Blantyre ndi Limbe anaphatikizidwa mu 1956.

Gawo la nyimbo ndi limene anthu amalikonda kwambiri, ndiponso ndi limene limawonongeka msanga. Vuto loyamba ndi mawu oti "kuimba". Kupeka nyimbo ndi kuiimba ndi zinthu ziwiri. Nyimbo ya fuko lathu anaipeka ndi Michael-Fredrick Paul Sauka, koma oimba ndife tonse. "Linny Hoo" ndi nyimbo ya Giddes Chalamanda, koma achinyamata ambiri anaidziwa mu 2020 pamene anaiimbanso pamodzi ndi Patience Namadingo, ndiye mukafunsa kuti "anaimba ndani" mulandira mayina awiri. Mtsogoleri wa Black Missionaries ndani? Evison Matafale mpaka pamene anamwalira mu 2001, kenako Musamude Fumulani mpaka 2007, kenako Anjiru Fumulani. Apanso chaka n'chofunika. Sakanizani mibadwo mwadala: Allan Namoko ndi Daniel Kachamba kwa akuluakulu, Lucius Banda ndi Alleluya Band ya ku Balaka kwa apakati, oimba a masiku ano kwa achinyamata. Mukatero timu imene yabwera ndi amalume kapena azakhali imapindula, ndipo n'zosangalatsa kuona mnyamata wa ku koleji akupereka cholembera kwa munthu wa imvi. Magule nawonso musawaiwale: Ingoma ya Angoni, Tchopa cha Alhomwe, Beni wa Ayao, Malipenga a Atonga, Vimbuza vya Atumbuka. Funso lolemerako lingakhale la Zomba Prison Project, akaidi amene chimbale chawo chinasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto za Grammy za 2016. Anasankhidwa, sanapambane, ndipo funso linene zimenezo bwinobwino.

Ngati mukufuna kuseweretsa tizidutswa ta nyimbo kuti anthu azindikire, koperani nyimbozo mufoni dzulo lake, mudule kachidutswa ka masekondi 15 mpaka 20, ndipo musadalire netiweki ya pamalopo. Mvetserani kachidutswa kalikonse kuti mutsimikize kuti woimbayo sakudzitchula dzina, chifukwa oimba ambiri amayamba ndi dzina lawo kapena la situdiyo. Foni ikhale chafufumimba kapena m'manja mwa munthu amene wakhala kumbuyo, anthu apatebulo loyandikira asawerenge dzina la nyimbo. Sipika ikhale ya batire, yotchajidwa yodzaza, popeza magetsi akazima pakati pa gawoli mpikisano wonse umazizira.

Pa mabuku, cholakwika chachikulu n'kudzaza gawo lonse ndi olemba akunja pamene athu alipo. Samuel Josia Ntara analemba Nthondo, buku limene linatuluka mu 1933; dzina lake ena amalemba Nthara, ndiye landirani kalembedwe konse kuwiri. John Gwengwe analemba Sikusinja ndi Gwenembe. Jack Mapanje anatulutsa ndakatulo za Of Chameleons and Gods mu 1981, anamangidwa mu 1987 n'kukatsekeredwa ku Mikuyu, ndipo anatuluka mu 1991. Buku la William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu analilemba ndi Bryan Mealer, choncho funso loti "analemba ndani" lili ndi mayina awiri. Ndi bwino kufunsa kuti bukulo likunena za ndani. Funso loti Baibulo la Chichewa linatuluka liti lili ndi mayankho osachepera atatu, chifukwa Buku Lopatulika ndi la 1922, Malembo Oyera ndi la 1966 ndipo Buku Loyera ndi la 1998. Chinua Achebe, ngakhale anatchuka chotero, sanalandirepo mphoto ya Nobel. Amene anailandira mu 1986 ndi Wole Soyinka. Koma mukafunsa kuti "woyamba wobadwira mu Africa", wowerenga kwambiri akukumbutsani kuti Albert Camus anabadwira ku Algeria ndipo anailandira mu 1957. Nenani kuti "wa ku Nigeria woyamba".

Zamasewero ndiye zimafuna kudekha, chifukwa muno mu Blantyre munthu angakukhululukireni pa chaka cha Chilembwe koma osati pa Bullets kapena Wanderers. Matimu awiriwa asintha mayina kangapo potsatira owathandiza ndi ndalama: Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets, Nyasa Big Bullets, Yamaha Wanderers, Limbe Leaf Wanderers, Be Forward Wanderers. Papepala lanu la mayankho lembani kuti "Bullets" kapena "Wanderers" n'zokwanira, pokhapokha ngati funsolo likufuna dzina la chaka chakutichakuti, monga la 2004 pamene Bakili Bullets inafika m'ndime ya magulu ya CAF Champions League. Flames yapita ku Africa Cup of Nations katatu: 1984, 2010, ndi mpikisano wotchedwa wa 2021 umene unaseweredwa ku Cameroon kumayambiriro a 2022. Ndiye chigoli chapatali cha Gabadinho Mhango pa masewero ndi Morocco chinalowa mu 2022 pa mpikisano wa 2021, ndipo mukafunsa chaka muyenera kusankha chimene mukutanthauza. Mu 2010 ku Angola tinagonjetsa Algeria 3-0, mphunzitsi ali Kinnah Phiri. Chikho cha CECAFA tinachitenga mu 1978, 1979 ndi 1988. Musalole gawo lonse kukhala la mpira wamiyendo wa amuna. Scorchers inatenga chikho cha COSAFA mu 2023 itagonjetsa Zambia 2-1. Mwai Kumwenda wa Queens anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa pa chikho cha dziko lonse cha mpira wamanja mu 2015. Temwa Chawinga anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 akusewerera Kansas City Current. Apa dzina la bambo lokha silikwanira, popeza pali Tabitha ndi Temwa. N'chimodzimodzi ndi Banda ndi Mutharika. Lengezani lamuloli pachiyambi: dzina la bambo ndi lokwanira, kupatula pamene wofunsa wanena kuti akufuna mayina onse.

Kayendetsedwe ka tsikulo kali ndi masamu ake. Mafunso 40 ndi okwanira: magawo 5, lililonse la mafunso 8. Pa mafunso 8 amenewo, 3 akhale oti pafupifupi aliyense apeze, 3 apakatikati, 2 olemera, ndipo loyamba pa gawo likhale lopepuka kuti anthu alowe ndi mtima. Ngati timu yopambana yapeza pafupifupi 32 ndipo yomaliza yafika cha m'ma 20, mwayeza bwino. Timu ikhale ya anthu 4 mpaka 6. Akapitirira pamenepo awiri amalankhula, otsalawo amangoyang'ana, ndipo kunong'ona kumamveka tebulo lina. Werengani funso kawiri, perekani masekondi 30, pitirirani. Gawo limodzi limatenga mphindi 10, kuchonga ndi kulengeza mayankho mphindi 5, ndiye mukaika kupuma kwa mphindi 15 pakutha pa gawo lachitatu, zonse zitha mu ola limodzi ndi theka. Werengerani nthawi imeneyi mobwerera m'mbuyo kuchokera pamene maminibasi amayamba kusowa, anthu a ku Machinjiri ndi ku Bangwe asachoke gawo lomaliza lisanathe.

Pepala loyankhira likhale limodzi pa gawo lililonse, dzina la timu pamwamba, manambala 1 mpaka 8 olembedwa kale. Tolerani mapepala onse musanatchule yankho ngakhale limodzi. Kusinthanitsa mapepala kuti matimu achongerane kumafulumira, koma kumabala chidani, chifukwa wina amakana Chilwa yolembedwa "Chirwa" pamene mnzake walandira. Ndi bwino kukhala ndi ochonga awiri osasewera nawo, ogwiritsa ntchito inki yofiira, ndi lamulo loti kalembedwe sikachotsa malikisi malinga ngati yankho likuzindikirika ndipo silikusanduka chinthu china. Niger si Nigeria, Austria si Australia. Mafoni onse aikidwe pakati pa tebulo poonekera, ndipo wotuluka panja pakati pa gawo asabwerere mpaka mapepala atatoleredwa. Powerenga manambala, kumbukirani kuti timawatchula m'Chingerezi ndipo pa sipika 15 ndi 50 zimamveka zofanana, choncho bwerezani nambala imodziimodzi kapena ilembeni pabolodi.

Yankho lililonse litsimikizidwe m'malo awiri osakoperana. Masamba khumi a pa Facebook onena chinthu chimodzi amakhala kuti onse anatenga pamalo amodzi. Safunsa anadya phula: dzulo lake pezani munthu amene sadzasewera nawo, mumuwerengere mafunso onse mokweza, ndipo paliponse pamene wafunsa kuti "mukutanthauza chiyani?" dziwani kuti funsolo silinapse. Pansi pa yankho lililonse lembani mayankho ena ovomerezeka ndi kumene mwawapeza. Sungani mafunso atatu apadera. Dandaulo likabwera, limveni pa nthawi yopuma, kuchokera kwa munthu mmodzi wa timuyo, ndipo mukaona kuti funso linalidi ndi mayankho awiri, perekani malikisi kwa onse amene alemba limodzi mwa awiriwo kapena lichotseni kwa matimu onse n'kufunsa lapadera.

Matimu akalingana mapointi pamapeto, musafunse funso loti woyamba kukweza dzanja ayankhe, chifukwa mkangano wa amene anayamba kukweza sutha. Funsani la nambala, aliyense alembe papepala, woyandikira kwambiri apambane. Kutalika kwa Sapitwa ambiri anakuloweza, ndiye sikulekanitsa matimu odziwa. Kutalika kwa mtsinje wa Shire, makilomita 402 kuchokera pamene ukutuluka m'nyanja ku Mangochi mpaka pamene ukuthira mu Zambezi ku Mozambique, kumagwira bwino ntchito. Nenani kuti mukufuna makilomita, perekani mphindi imodzi, ndipo mapepala onse akhale m'manja mwanu musanatsegule ngakhale limodzi.